Mkamwini amene adadzala mitengo

Patha chaka chimwalirireni a Gelesomu Mwale, koma ine mtima sudatsikebe. Anthu kwathu ku Chiosya amati mkulu uja adafa bwino, adangogona ali pampando pakhonde, osavutitsa munthu. Akamatero ine ndimangowayang'ana. Munthu amene adatha zaka zake zomaliza ali ngati mbuzi ya pachingwe, osatha kuchoka pamudzi ngakhale tsiku limodzi, inu mukuti adafa bwino? Ayi ndithu, musandiuze zimenezo.

Adali amuna awo a mayi anga aakulu, a Naphiri, ndiye ine ndinkawaitana kuti abambo aakulu. Kwawo kudali kutsidya kwa malire, kupitirira Mwami, ndipo kwathu adabwera ali mnyamata kudzakhala pachikamwini. Kwathu munda ndi wa mkazi ndi abale ake. Mwamuna wobwera amalima, amamanga nyumba, koma dothi si lake, ndipo mkazi akamwalira amamusudzula kuti anyamule kathumba kake azipita kwawo. N'chifukwa chake mkamwini wochenjera amadzala chimanga, mtedza ndi fodya, zinthu zoti akolola chaka chomwecho. Ndani angadzale chinthu choti chidzakula iye atachoka kale? A Gelesomu adadzala mitengo, tsala lonse la a Naphiri kumtunda kwa dambo.

Ine ndidawadziwa tsitsi litayera kale, ali kamunthu kowonda, kamakani, kosachedwa kupsa mtima. Madzulo anthu akayamba kuphika ankayenda m'mudzi manja ali kumbuyo, mphuno m'mwamba, kununkhiza utsi. Akafika pakhomo pako ankayamba kukuuza chimene ukusonkhezera usanawapatse ndi moni womwe. Apa mapesi, apa zitsononkho, apa ndowe. Tsiku lina adaima pakhomo pa amayi anga nati, "Alamu, mukuphika ndiwo kapena mukuphika patapata?" Ndipo zidali zoona, amayi adayatsira moto wa nkhuni zaziwisi ndi patapata wakutha. Amayi adawatukwana chamumtima, koma m'mawa mwake adapeza mtolo wa nthambi zouma uli pakhomo.

Kupatsa kwawo kudali kotero, kopatsa uku akunyoza. M'tsalamo simunkalowa nkhwangwa ya munthu wina. Chilimwe chikafika pakati, iwo ankakwera okha ndi chikwanje, kudulira nthambi za kesha ndi mthethe, n'kuziunjika kuti ziume. Mvula ikayandikira ankaitana amayi a m'mudzi, aliyense mtolo wake, ndipo ukabweranso msanga ankakufunsa ngati kwanu mwatsegula lesitilanti. Mtengo wathunthu unkagwa pa maliro pokha, kapena ukakalamba, ndipo ankaudula mwa mtundu wake kuti uphukirenso. Ankati kudula kwabwino kuli ngati kuthyola nkhwani, mawa umabweranso pomwepo. Akazi a m'mudzi ankawanena kuti ndi aumbombo, koma mvula ikamagwa mlungu wonse, onsewo ankaphikira nthambi za waumbombo yemweyo.

Amayi anga amanena kuti pamene a Gelesomu ankayamba kudzala, mudzi wonse unkaseka mpaka kugwira nthiti. Nthawi imeneyo nkhuni zinkatoledwa kuseri kwa nkhokwe. Muwanga wouma unkangogona m'thengo, mkazi ankasankha, chokhota ankachisiya. Ndiye taonani mkamwini akusenza ndowa ya madzi kuchokera kudambo kukathirira timbande, thengo lili chiimire mbali zonse! Koma iwo asadakwatire adagwirako ntchito pa esiteti ina, yosonkhezera moto m'mabalani a fodya, ndipo adaona ndi maso awo thengo likulowa m'ng'anjo ngolo ndi ngolo mpaka kutha. Ankangoti moto ulibe tsiku lokhuta. A Naphiri nawo ankadandaula kuti m'nyumba mwawo muli mitala, mkazi wamkulu ndi mitengo, iwo ndi wamng'ono.

Zimene ankanenazo zidafika osagogoda. Fodya adadya gawo lake, mauvuni a njerwa adadya lawo, kenaka kudabwera makala. Ine ndikukula, thengo lidali litathawira kumapiri, ndipo amayi ankanyamuka kusadache n'kubwera dzuwa lili paliwombo ndi kamtolo ka tizitsotso. Lero musanene. Zitsononkho zimene tinkagendera agalu, mwini makina otonolera chimanga amazisunga n'kumagulitsa pa ndowa. Mapesi anthu amalondera ngati chimanga chomwe. Achinyamata ena pa msika wa Kamwendo adayamba kuumba makala a makoko a mtedza, ndipo a Gelesomu adawayesa nawayamikira kuti awa ndiye aganiza bwino. Koma sipadatenge nthawi, makoko nawonso adapeza ogula, oweta nkhuku adayamba kuwalimbirana, ndipo achinyamata aja adasowa choumbira.

Ine ndi iwo tinkakangana kawirikawiri, chifukwa ntchito yanga ndi yokazinga mandasi ndi tchipisi pa Kamwendo, pafupi ndi siteji ya minibasi, ndipo ndimakazingira makala. Ndikapita kumudzi ankandilonjera kuti, "Wabwera wotentha dziko." Ine ndinkawayankha kuti andigulire gasi ndiye ndisiya. Ankaseka, n'kudya mandasi anga omwewo, awiri atatu, uku akundiuza zam'tsogolo. Ankati mawaya a magetsi angodutsa pamwamba pa mitu yathu kutsata msewu, ndipo ngakhale amene adakokera m'nyumba ali ndi mbaula pansi pa tebulo, kudikira kuti azime. Gasi ndi wa anthu a malipiro a pamwezi. Banja lililonse latsopano ndi mafuwa atsopano, ndipo mabanja akuchuluka chaka ndi chaka. Kwa iwo, zidzukulu zathu zidzaphikirabe mtengo, ndipo mtengo ungathe kutidyetsa moto mpaka kalekale ngati tiupatsa nthawi yophukira. Koma nthawiyo ndi imene munthu wanjala alibe.

Adakanganapo ndi akuluakulu a mpingo omwe, atafuna nkhuni zootchera njerwa za nyumba ya abusa. A Gelesomu adapereka nthambi, mitengo adakana. Adauzidwa kuti akumana Mulungu, iwo nati Mulungu akudziwa kumene kuli mitengo yake, akaifuna abwera yekha. Kuyambira pamenepo sadasankhidwenso pa udindo uliwonse, ndipo sadadandaule.

Chingwe chidamangika pamene a Naphiri adamwalira. Ana adabereka ndithu, koma onse adapita ali aang'ono, ndiye padalibe mwana woti anene kuti abambo anga akhala pano ndi ine. Titameta, atsibweni athu a Lameki, mlongo wawo wa a Naphiri ndi amayi anga, amene ali mwini mbumba yathu, adaitana anthu kuti asudzule mkamwini. Adayankhula mwaulemu, adathokoza, nati, "Alamu, mwatisungira mlongo wathu bwino. Tsopano takumasulani. Mukafuna kukwatira, kakwatireni. Njira ya kwanu ndi yoyera."

A Gelesomu adaomba m'manja mwaulemu nafunsa, "Nanga mitengo?"

"Mitengo ili pa dothi lathu, alamu."

"Ndikudziwa. Ndikufunsa kuti muichita chiyani."

A Lameki adayang'ana kumbali, ndipo aliyense adadziwa kuti akufuna kuigwetsa. A Gelesomu adati ndiye ayamba akhala kaye. Wina kumbuyo adang'ung'udza kuti mkamwini asamakule mwendo, koma akazi a mbumba, amene ankadziwa kumene moto wawo umachokera, adayamba kukhosomola ndi kusuntha pamphasa, mpaka nkhaniyo idathera m'malere. Kuthamangitsa nkhalamba ndi ndodo sakadatha, ndi zamanyazi. Kugwetsa mitengo mwiniwake woidzala ali chikhalire patsinde, akazi akuonerera, sakadathanso. Chidatsala n'chimodzi, kudikira tsiku limene mkuluyo adzachoke pamudzi. A Gelesomu adachidziwa, ndipo adaleka kuyenda. Kumsika ankatuma, kuukwati ankapepesa, kutchalitchi ankakhala pafupi ndi zenera loyang'ana kumtunda.

Ndinene zoona ngakhale zikundiwawa, a Lameki si munthu woipa. Mbumba yakula, minda yagawidwa mpaka yatsala ngati mipango, adzukulu akukwatiwa opanda polima. Feteleza sagulidwa ndi mthunzi. Ogula makala ankabwera mwezi ndi mwezi kudzawanong'oneza, chifukwa mitengo yonenepa chotero kudera lonselo idatsala kumanda ndi kwa a Gelesomu basi. Ndidawamvapo a Lameki akunena kuti, "Alamu ali ndi mimba imodzi, ine ndili ndi mudzi."

Tsiku limene sindidzaliiwala lidali la msika pa Kamwendo. Ndili pa chiwaya changa, ndidaona wakabaza akutsitsa mkulu wovala jekete lakuda ndi nsapato zopolisha. Ndidachita kupukuta m'maso.

"Abambo aakulu! Kwagwanji?"

"Alongo anga atisiya, mwanawe. Uthenga wafika dzulo. Akuika mawa."

Adali mlongo wawo mmodzi yekhayo wotsala, amene adawalera amayi awo atamwalira. Ndidawakhazika pa benchi, ndidawapatsa tiyi, kenaka ndidafunsa chimene chidali pakamwa. "Nanga kumtunda mwasiyako yani?"

"A Lameki abwera okha m'mawa kudzandipepesa. Akuti pa maliro palibe nkhondo, ndipite mtima uli m'malo." Adapumira m'mwamba. "Ndi munthu wopemphera, sanganame pa maliro."

Minibasi ya kuboda idali isadadzaze, ndiye ankadikira akumwa tiyi wawo. Posakhalitsa padaima njinga yamoto, anyamata awiri, kumbuyo atamangirira makina odulira mitengo m'chiguduli ndi chigubu cha petulo. Adaitanitsa tchipisi. Wamkuluyo, akutafuna, adati, "Mayi, njira yachidule ya ku Chiosya, kwa a Lameki, ndi iti?"

Ndidati sindikudziwa.

"Aa, inu a pompano osadziwa? Atiimbira m'mawa kuti tifulumire. Akuti kuli kesha ndi mthethe wosayamba, ndiye kankhalamba kamene kamalondera kapita kumaliro ku Zambia. Tikufuna tikagwetse yonse kasanabwere."

Ndidayesa kumutsinzinira, ndidagwetsa dala chipande, koma mnyamatayo ankangoonjezera kuti akuti kamkuluko n'kovuta ngati nsabwe za m'chiuno. Mnzake ankaseka. A Gelesomu adamaliza tiyi wawo, adaika kapu pansi bwinobwino, napukuta pakamwa.

"Njirayo ndikuidziwa ine," adatero. "Ndikupita komweko. Mundikweze pakati, ndikulozerani."

Nthawi yomweyo kondakitala adayamba kumenya chitseko cha minibasi. "Boda! Boda! Mmodzi yekha tinyamuke! Madala a jekete, tiyeni!"

Ndidawagwira mkono wa jekete. "Abambo, galimoto ikupita. Alongo anu!"

"Ndamva."

"Ndiye kwerani! Mitengo ndi mbale wanu? Idzakulirani? Si yanunso, mudauzidwa pamaso pa anthu!" Ndidakuwa, anthu a mumsika mpaka kutembenuka. Ndidali nditakwiya, ndipo misozi inkangotsika.

Adandichotsa dzanja pang'onopang'ono. "Ndikudziwa kuti si yanga, mwanawe. Ikadakhala yanga ndikadakwera."

Minibasi idanyamuka kulowera kumadzulo mpando wawo utakhalidwa ndi wina. Iwo adakwera njinga yamoto ija, kukhala pakati pa anthu odzadula mitengo yawo, kathumba ka kumaliro kali pamiyendo. Anyamata aja adawathokoza kuti madala ndinu a mtima wabwino.

Zotsalazo adandiuza amayi. A Gelesomu adawalondolera anyamatawo njira mpaka m'tsala mwenimwenimo, adatsika, nakakhala patsinde pa mtengo woyamba, jekete lili m'thupi. Kenaka adauza anyamatawo kuti kankhalamba kaja ndi iwowo, ayambe kudula. Akazi adatuluka m'nyumba ndi m'madimba n'kudzaima mozungulira. A Lameki adazemba, akuti adapita kukaona ng'ombe. Anyamata aja adatukwana za petulo wawo mpaka kutopa, nabwerera. Tsiku limenelo mitengo idapulumuka, ndipo tsiku lotsatira, kutsidya kwa malire, alongo awo adaikidwa popanda iwo.

Maliro n'kulirana, ndipo kwawo sadawakhululukire. Adzukulu awo, ana a malemuwo, adatumiza mawu kuti popeza asankha mitengo, mitengoyo ndiyo idzawaike. Pamenepo khomo la kwawo lidatsekeka. Kwathu adali wosudzulidwa wokhalira makani, kwawo adali munthu amene adakana kuika mlongo wake. Adatsala ndi tsala lija lokha, limene silidali lawo. Za tsikulo sadazitchulenso, koma adasiya kuseka, ndipo kuyenda konunkhiza utsi kuja kudatha. Akazi ankalandirabe mitolo yawo mvula ikayandikira. Ena ankathokoza, ena ankanong'onezana kuti munthu wosaika mlongo wake ali ndi mtima wa mwala, uku mtolo uli pamutu. Zimenezo zinkandinyansa kwabasi.

Miyendo itayamba kutupa ndidapita kukawachonderera kuti tipite kuchipatala. Ndidati ndilipira ine galimoto, ndikawadikirira ine.

"Akandigoneka," adatero.

"Akakugonekani mukachira."

"Ndikachira ndidzabwerera kuti? Ndidzapeza chiyani?"

"Abambo, mufera mitengo?"

"Iwe, ndiye ndifere chiyani china? Ndatsala ndi chiyani?"

Ndidalira, ndidawanyoza kuti ndi ouma mutu, ndidawopseza kuti sindidzabweranso. Iwo adangondiuza kuti potuluka nditengeko mtolo wa amayi anga, uli kuseri. Ndinkawakonda mkulu ameneyu, ndipo ankandipsetsa mtima kuposa munthu wina aliyense. Sadapite kuchipatala. Adadulira nthambi chilimwe chimenecho ali chikhalire, akuloza ndi ndodo, akazi akudula mmene iwo ankanenera.

Atamwalira tidaimba foni kwawo. Adayankha kuti amva, koma sikudabwere munthu. Mkamwini amayenera kukagona kwawo, koma iwo tidawaika m'manda athu, chakumphepete. A Lameki adayendetsa mwambo wonse bwinobwino, ndipo adalira, ndidawaona ndi maso angawa. Titangometa, makina adalira kumtunda. Padalibenso woti akhale patsinde. Akazi tidangoima m'makomo manja ali m'chiuno, ndipo sipadapezeke wotsegula pakamwa, chifukwa aliyense adali ndi mwana wofuna polima. Mauvuni a makala adafuka utsi mpaka mvula yoyamba. Matumba adatsika pa njinga kubwera pa Kamwendo, ena adakwera malole a ku Lilongwe, ena adapita kuboda kwa ophikira madalaivala. Ine makala ndimagula mlungu uliwonse, ndipo masiku amenewo sindinkafunsa kumene achokera.

Sabata yatha ndidapita kumudzi kuti ndikaone pamanda. Amayi sindidawapeze pakhomo, ana adati ali kumtunda, ndiye ndidawatsatira. Kalanga ine! Kuchokera kudambo maso amafika mpaka kumapiri popanda chotchinga. Ngakhale zitsa palibe, ootcha makala adabweranso kudzazikumba, akuti makala a chitsa ndiwo olemera. Patsala maenje okhaokha ndi mabwalo akuda pamene padali mauvuni. Chimanga cha m'minda imene a Lameki adagawira adzukulu chidakula pa mabwalo akudawo pokha, kwina konse miyala idakana, ndipo mapesi ake adatoledwa kale. Nyumba ya a Gelesomu yatsala makoma. Denga lidapita phaso limodzilimodzi, chitseko chidapita, mafelemu a mawindo adazulidwa, zonse zidalowa pamoto m'makhitchini a m'mudzi momwemo nthawi ya dzinja. Mphepo imangodutsa, fumbi lakuda n'kumakulowa m'maso.

M'dzenje lina mudali munthu atawerama ndi khasu. Adali amayi anga, nkhalamba ya imvi, akukumba muzu umene ootcha makala adausiya. Pambali adali ataunjika timizu tiwiri titatu, tonyowa, todzaza dothi. Ndidaima pamwamba pa dzenjelo n'kumangowayang'ana.

Adadzutsa mutu, thukuta lili chuchuchu. "Ukundiyang'ana chiyani? Kunyumba kulibe chophikira. Tatsika ugwire uku, wandikanika ndekha."

Ndidavula nsapato, ndidatsikira m'dzenjemo, ndipo tidakoka.